Funsani za Nyimbo: "Ndakulira pa gitala, koma Beethoven wandigwira mtima"

FUNSO

Akulu anga,

Ndine bambo wa zaka 57, ndimakonza njinga zamoto ku Mchinji. Ndinakulira ku Kitwe komwe bambo anga ankagwira ntchito kumgodi, ndipo khutu langa linaleredwa ndi magitala. Achimwene anga ankabwera kunyumba ndi mbale za WITCH, Amanaz ndi Paul Ngozi, kenako anayamba kubweretsa Deep Purple, Black Sabbath ndi Led Zeppelin. Pobwerera kumudzi, katoni ya makaseti ndinaifungata pamiyendo ulendo wonse. Mpaka lero pagalaja panga pamalira zomwezo, kungoti tsopano zili mufoni.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi, amene amaimba kwaya kukoleji, anandiikira nyimbo ina. Anati ndi gawo lachiwiri la Symphony No. 7 ya Beethoven. Ndinaitsegula usiku nditakhala pakhonde. Mulibe woimba mawu, mulibe gitala, koma thupi lonse linachita tsemwe. Ndinaibwereza kasanu.

Vuto ndi ili. Nditalemba "classical music" pa YouTube, zimene zinabwera zinandigonetsa tulo. Maina a nyimbozi ndi ataliatali ngati nambala ya chesisi. Ndikatsegula pagalaja sindimva kanthu, ndikakweza zimadzaphulika mwadzidzidzi, makasitomala n'kudzidzimuka. Anzanga akuti ndayamba kumvera nyimbo za maliro a azungu. Ndiyambire pati? Manambalawa akutanthauza chiyani? Nanga munthu wa rock ngati ine, zimenezi n'zanga?

Wokonda gitala, Mchinji

YANKHO

Zikomo kwambiri bambo. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, chifukwa njira mwaiyambayi inenso ndinaiyenda, ndipo panali zaka zitatu zimene ndinataya chifukwa chosamvetsa zomwe nditi ndikuuzenizi.

Tiyambe ndi chimene chinakugwirani pakhonde paja. Mwati mulibe gitala. N'zoona, koma muli riff, kachidutswa kafupi ka nyimbo kobwerezedwabwerezedwa. Tsegulaninso mumvetsere. Zoimbira zouzira zimayamba ndi liwu limodzi lalitali, kenako za zingwe zamawu okhuthala, zomwe ndi viola, cello ndi double bass, zimalowa chapansipansi ndi kayendedwe aka: taa, ta-ta, taa, taa. Kayendedwe kameneka sikachoka. Zikafika kumapeto zimayambiranso, koma ulendo uno mavayolini ena atenga riff ija, ndipo pambali pake pabadwa nyimbo ina yodandaula. Ulendo wachitatu zakwera m'mwamba. Wachinayi gulu lonse lalowa, ng'oma zomwe. Munthu amene wakhala zaka zoposa 40 akudikira kuti bezi iyambe yokha, gitala ilowe pamwamba pake, ng'oma zidzagwe pambuyo, sangaphonye zimenezi. Khutu lanu linangozindikira m'bale wake.

Ndipo si inu woyamba. Nyimboyi itaimbidwa koyamba ku Vienna pa 8 December 1813, pa konsati yosonkhetsa ndalama zothandizira asilikali ovulala pankhondo ya ku Hanau, anthu anaumirira kuti gawo lomweli libwerezedwe nthawi yomweyo, ndipo linabwerezedwadi. Choncho wina asakunamizeni kuti muyenera kuyamba mwaphunzira manotsi kapena kumanga tayi. Khutu muli nalo kale. Chimene sichinazolowere ndi kudikira.

Ndikusimbireni zanga. M'zaka za m'ma 1990 ndinkaimba bezi m'kagulu kena komwe kankazungulira m'mabala a ku Limbe ndi Ndirande. Lamlungu ndinkathandizako kwaya kutchalitchi kwathu, komwe kunali mkulu wina woimba limba, munthu wosalankhulalankhula, wa zala zopindika ndi nyamakazi. Tsiku lina anandibwereka kaseti ya Symphony No. 5 ya Beethoven. Kunyumba ndinaitsegula uku ndikusita malaya. Ndinamva ta-ta-ta-taaa uja aliyense amamudziwa, ndinapirira mphindi zitatu, basi n'kutseka. Pobweza ndinati, "Zikomo agogo, ndamvera." Anandiyang'ana n'kufunsa, "Nanga pamene ng'oma imanong'ona paja, unapamva bwanji?" Ndinasowa choyankha. Iwo sanaonjezere mawu, anangolandira kaseti yawo n'kuika m'thumba la jekete.

Patapita zaka zitatu mkulu uja anayamba kudwaladwala, ndipo ndinapita kukawaona madzulo ena. Magetsi anali atazima. Anauza mdzukulu wawo kuti abweretse wailesi ya mabatire n'kuiika pampando pakati pathu. "Lero umvera yonse," anatero, "ndipo usalankhule." Ndinakhala pamkeka, msana kukhoma.

Gawo lachitatu likamapita kumapeto, nyimbo imafota. Oimba zingwe amasiya uta n'kumangodzula zingwezo ndi chala, ngati munthu akuyenda monyang'ama m'nyumba momwe muli wodwala. Kenako zonse zimaima pa liwu limodzi lotsika kwambiri, ndipo ng'oma yotchedwa timpani imayamba kugunda yokha, chapansipansi, ngati mtima wa munthu wogona. Mavayolini amayamba kufufuza njira mumdima, kukwera pang'ono, kubwerera, kukweranso. Sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe, koma umaona ngati mpweya wakuthera. Ndiye m'masekondi ochepa mawu aja amafufuma, chitseko n'kutseguka: gulu lonse, pamodzi ndi malipenga aakulu otchedwa trombone, amene akhala chete magawo atatu athunthu kudikira malo amenewa okha. Kawailesi kaja kanachita kunjenjemera pampando. Nditacheuka ndinaona mkulu uja atatsinzina, dzanja lake lopindikalo lili m'mwamba.

Usiku umenewo ndi pomwe ndinamvetsa kuti mphamvu ya malo amenewo imachokera ku mphindi zoposa 20 zimene zapita m'mbuyo. Mukadumpha n'kupita pomwepo, mupezapo phokoso chabe.

Apa ndi pamene rock ndi Beethoven amasiyana njira. Gulu la rock likapeza riff yabwino limaisunga momwemo, ndipo kukoma kwake kuli poti imabwerabe yosasintha, mutu n'kumagwedezeka. Beethoven akapeza riff amaichita zomwe inu mumachita ndi injini ya njinga. Amaiphwasula n'kuyala zidutswa pansi. Amatola kachidutswa kamodzi, kukayang'ana uku ndi uku, kukapatsa chitoliro, kukalanda n'kupatsa cello, kukatembenuza chadodolido, kenako amamanganso zonse n'kuliza. Gawo loyamba la No. 5, mphindi 7 zathunthu, pafupifupi lonse lamangidwa ndi manotsi anayi aja. Ntchito yanu pomvera ndi kutsata kachidutswako monga mumatsatira kaphokoso kachilendo mu injini ya kasitomala: kali pati tsopano, wakatenga ndani, kasintha bwanji. Mukayamba kumvera choncho, tulo sitibwera.

Za pagalaja ndinene mosapsatira: sizitheka, ndipo vuto si sipika yanu. Nyimbo za rock pozijambula amazipanikiza kuti malo otsika ndi malo ofuula asatalikirane kwambiri, n'chifukwa chake zimamveka bwino ngakhale injini ikulira pambali. Ojambula orchestra, gulu lalikulu loimba nyimbo zoterezi, amasiya mtundawo momwe ulili, kuyambira pa vayolini imodzi yonong'ona mpaka anthu 70 kapena 90 akuimba ndi mphamvu zawo zonse. Pagalaja pasiyireni Paul Ngozi, ndi pake. Izi zipatseni usiku, pakhonde pomwe paja, ndi mahedifoni otseka makutu. Pezani malo ofuula kwambiri m'nyimbomo, ikani voliyumu pomwe khutu likupirira bwino, kenako bwererani poyambira ndipo musakhudzenso batani. Malo otsikawo anawapanga dala kuti mutchere khutu.

Zija zinakugonetsani pa YouTube zisiyeni. Anthu amatola magawo odekha okhaokha m'nyimbo zosiyanasiyana, kuwadula kumene anachokera, n'kuwaunjika maola atatu kuti ena aziwerengera mabuku kapena kugonera. Zili ngati wina atole nyimbo zachikondi zokhazokha za magulu a rock n'kuuza mwana kuti rock ndi imeneyi. Zimandipweteka mtima, chifukwa anthu ambiri amathera pomwepo n'kumapita akunena kuti nyimbozi n'zozizira.

Tsono muyambire pati? Pomwe mwaima kalepo. Symphony No. 7 ili ndi magawo anayi, yonse pafupifupi mphindi 40, ndipo inu mwamva limodzi lokha. Imvereni yonse osadumpha, usiku uliwonse kwa sabata yathunthu. Nyimbo ya rock ya mphindi zinayi imakubwerezerani yokha kolasi katatu, ikamatha mwaigwira kale. Symphony sichita zimenezo, kubwereza ndi ntchito yanu. Tsiku loyamba mudzasochera. Lachitatu mudzayamba kuzindikira mitengo ya m'njira. Likamafika lachisanu mudzakhala mukudikira malo ena ake mtima uli m'mwamba. Ine amene ndimawadikira ali chakumapeto kwa gawo lachinayi, pomwe ma cello ndi ma double bass amangopera pa manotsi awiri oyandikana, kupita ndi kubwera, pamwamba pakuyaka moto. Sabata yachiwiri tengani No. 5, ndipo mudzandiuze za ng'oma yonong'ona ija. Pa nyimbo ziwirizi funani zomwe anajambula wotsogolera oimba Carlos Kleiber ndi orchestra ya Vienna Philharmonic m'zaka za m'ma 1970. Munthu ameneyu sankalola nyimbo kuodzera. Zikopereni mufoni kamodzi kuti bandulo isamakuthereni pakati pa gawo.

Mukamaliza pamenepo, magulu anu omwewo akulozerani njira.

Poti mumakonda Black Sabbath, funani Mars, gawo loyamba la The Planets ya Gustav Holst wa ku England, lomwe analilemba mu 1914. Mars anali mulungu wa nkhondo wa Aroma, ndipo nyimboyi ndi nkhondo yokhayokha kwa mphindi 7. Kugunda kwake n'kwa 5, osati 4 amene tinazolowera. Werengani ndi chala pabondo mudzaona kuti phazi likusowa popondera, ndipo n'chimene chimachititsa mantha. Poyamba oimba zingwe amatembenuza uta n'kumamenya zingwe ndi mtengo wake, ndiye zimamveka gwa, gwa, gwa, ngati asilikali akubwera patali. Geezer Butler, woimba bezi wa Black Sabbath, ananenapo kuti ankayesera kuimba Mars pa bezi yake, ndipo m'mawa mwake Tony Iommi, woimba gitala wa gululo, anabwera ndi riff ya manotsi atatu ya nyimbo yotchedwa dzina la gululo. Mverani ziwirizi motsatizana, chibale chake mudzachimva nokha.

Deep Purple ikutengerani kwa Bach, kudzera pa limba la Jon Lord, yemwe anaphunzira piyano ya classical ali mwana. Johann Sebastian Bach anabadwa mu 1685 n'kumwalira mu 1750. Kuyambira 1723 anali wantchito wa tchalitchi ku Leipzig, wophunzitsa anyamata a kwaya ndi kukonza nyimbo za Lamlungu, ntchito imene aphunzitsi a makwaya kwathu kuno angaimvetse bwino. Pa zonse zimene analemba, ine monga munthu wa bezi ndimavulira chipewa Passacaglia in C minor. Malimba aakulu a mipope ali ndi makiyi ena pansi, opondedwa ndi mapazi. Woimba amayamba ndi mapazi okha, manja ali pamiyendo: manotsi 15, olemera, osafulumira. Kenako manotsi omwewo amabweranso maulendo 20, manja akumanga zosiyanasiyana pamwamba pake, mwina zodekha, mwina zothamanga, mwina zolukanalukana. Zonsezo zitatha, amatenga theka la riff yomweyo n'kuyambitsa mpikisano wa mawu othamangitsana, wotchedwa fugue. Iyi yokha musaimvere pa sipika ya foni, chifukwa mapazi aja samveka n'komwe, ndipo popanda mapaziwo palibe nyimbo.

Ngati chimene mumadikira mu rock ndi lidi gitala ikamalusa, tengani gawo lomaliza la Summer mu The Four Seasons ya Antonio Vivaldi, wansembe wa ku Venice amene ankaphunzitsa vayolini atsikana a kunyumba ya ana amasiye. Inasindikizidwa mu 1725, ndi mvula ya mkuntho, ndipo sikwana mphindi zitatu. Pambuyo pake Caprice No. 24 ya Niccolò Paganini: munthu mmodzi, vayolini imodzi, zala zothamanga moti anthu a nthawi yake ankanong'onezana kuti anapangana ndi satana.

Koma pali ina imene ndikufuna muisungire usiku umene mtima wanu uli wolemera. Ndi String Quartet No. 8 ya Dmitri Shostakovich wa ku Russia. Oimba ndi anayi okha, ngati gulu la rock: mavayolini awiri, viola ndi cello. Anailemba m'masiku atatu mu 1960 ali kufupi ndi Dresden, mzinda umene unaphwasulidwa ndi mabomba mu 1945, ndipo pamwamba pake analembapo kuti ndi yokumbukira anthu ozunzidwa ndi ulamuliro wa chifasisti komanso nkhondo. Riff yake ndi manotsi anayi amene, m'kalembedwe ka manotsi ka Chijeremani, amatchula zilembo za dzina lake lomwe. Ndiye kuti munthuyu akudzitchula yekha dzina, mobwerezabwereza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Gawo loyamba ndi lodekha, lamdima, ngati anthu akhala pa siwa usiku. Musakweze voliyumu. Gawo lachiwiri limakugwerani popanda odi. Ukali umene anyamata a heavy metal amaufunafuna ndi mulu wa maamplifaya, apa ukutuluka m'timabokosi tinayi tamatabwa ndi zingwe 16. Nthawi yoyamba kuimva ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira.

The Rite of Spring ya Igor Stravinsky, imene inabutsa chipwirikiti m'holo ku Paris pa 29 May 1913, muisunge kaye mpaka miyezi ingapo ipite. Idzakupezani.

Ena adzakuuzani kuti munthu wa rock ayambire pa makonsati amene gulu la rock limaimba limodzi ndi orchestra, monga Deep Purple ku Royal Albert Hall ku London mu September 1969, kapena Metallica ndi San Francisco Symphony mu 1999. Mverani ndithu, makamaka ya Deep Purple, poti Jon Lord anailemba yekha ndi mtima wonse. Koma ine sindikutumizani kumeneko. Amplifaya ikalira, mavayolini 30 amasanduka maluwa okongoletsa kumbuyo. Inu mwaoloka kale mtsinje, palibe chifukwa chobwerera kukaima pamlatho.

Tibwere ku nambala ya chesisi ija. Tengani dzina lonse la nyimbo yanu: Beethoven, Symphony No. 7 in A major, Op. 92, II. Allegretto. Symphony ndi nyimbo yaitali ya orchestra yonse, kawirikawiri ya magawo anayi. Iganizireni ngati chimbale chathunthu chokhala ndi nyimbo zinayi zapachibale. No. 7 ndiye kuti ndi yachisanu n'chiwiri mwa 9 zimene Beethoven analemba. A major ndi kiyi, monga oimba gitala amauzirana kuti tiimbe mu A. Op. 92 ndi nambala yake pamndandanda wa ntchito zake zosindikizidwa. Kwa Bach mudzaona BWV, kwa Mozart mudzaona K, cholinga n'chimodzi: kuti musasokoneze nyimbo ziwiri za dzina lofanana. II ndi gawo lachiwiri. Mawu omalizawo ndi Chitaliyana, onena liwiro. Adagio ndi pang'onopang'ono, Andante ndi liwiro la munthu woyenda, Allegro ndi mwachangu, Presto ndi kuthamanga, ndipo Allegretto ndi mofulumirako koma osafika pa Allegro. Mukaona Concerto, dziwani kuti pali katswiri mmodzi kutsogolo, wa piyano kapena vayolini, akuyankhana ndi orchestra. Ameneyo ndiye lidi gitala wawo.

Palinso china chimene chimasokoneza ife ochokera ku rock, ngakhale simunachifunse. Mukafufuza nyimbo imodzi mupeza magulu ambirimbiri aijambula, ndiye mudzafuna kudziwa kuti yeniyeni ndi iti. Palibe. Beethoven anamwalira mu 1827, zaka 50 makina oyamba ojambula mawu n'kuwabweza asanapangidwe. Chimene anasiya ndi mapepala. Wotsogolera aliyense, uja amaima kutsogolo ndi kandodo, amawerenga mapepalawo n'kusankha liwiro, kusankha amene amveke pamwamba, kusankha popumira. Yesani ndi gawo lanu lomweli. Mverani la Kleiber, kenako la wina aliyense. Mupeza kuti kwa wina anthu akuyenda ndi cholinga, kwa wina akukoka miyendo ngati anyamula bokosi. Mukayamba kunena mumtima kuti uyu wachedwetsa, uyu wandikhutiritsa, dziwani kuti mwalowa m'nyumba.

Tsono za anzanu aja. Kuti nyimbozi zinachokera ku Ulaya n'zoona, palibe chobisa. Zinakulira m'matchalitchi, m'nyumba za mafumu ndi m'maholo a ku Italy, Germany, Austria, Russia ndi maiko oyandikana nawo. Koma gitala yamagetsi nayo sinamere ku Kitwe. Rock inabadwa kuchokera ku blues ya anthu akuda a ku America, inadutsira ku Britain, anyamata a ku Zambia anaigwira n'kuipanga yawo, ndipo lero anthu akunja akuifunafuna ndi dzina loti Zamrock. Inu munaziona zimenezo ndi maso anu. N'chimodzimodzi kuno. Ku Kinshasa kuli Orchestre Symphonique Kimbanguiste, imene inayamba mu 1994 ndi anthu ambiri ongodziphunzira okha, ndipo inafika poimba Symphony No. 9 ya Beethoven. Abel Selaocoe wa ku Sebokeng ku South Africa amaimba Bach pa cello, kenako pa cello yomweyo n'kuyamba kuimba ndi pakamwa m'Chisotho. Ngakhale Beethoven mwiniwakeyo, mu 1803 ku Vienna, anaimba koyamba imodzi mwa nyimbo zake zovuta kwambiri za vayolini ndi piyano pamodzi ndi George Bridgetower, katswiri wa vayolini amene bambo ake anali munthu wakuda.

Ndipo anzanuwo nyimbozi amazimva kale. Akadzaza pamalo oonetsera mpira usiku wa Lachiwiri, nyimbo ya Champions League ikayamba, tsemwe limawagwira iwonso. Nyimbo imeneyo Tony Britten anaikonza mu 1992 potengera Zadok the Priest ya wopeka nyimbo Handel, yomwe inalembedwa mu 1727 polonga ufumu George II wa ku Britain. Kanyimbo kaja kankalira m'foni za Nokia m'thumba la aliyense ndi kachidutswa ka Gran Vals ya Francisco Tárrega wa ku Spain, ya mu 1902, ndipo poti ndinu wokonda gitala, dziwani kuti inalembedwera gitala. Musakangane nawo. Tsiku lina ntchito ikachepa, muvekeni mmodzi mahedifoni, mumutsegulire Mars, inu muzingomuyang'ana kumaso.

Mwana wanu wamkaziyo mumuthokoze m'malo mwanga. Iye anadziwa chimene chingakugwireni, ndiye kuti khutu lanu amalidziwa bwino. Akabwera patchuthi mumufunse zimene akuphunzira kukwaya, ndipo gawo lachinayi la No. 7 mudzamvere limodzi, hedifoni imodzi khutu lanu, ina lake. Ndidikira kalata yanu yachiwiri.

FUNSO

Malume, aphunzitsi athu anatiuza kuti Beethoven anali wosamva. Ine zikundivuta kukhulupirira. Munthu wosamva angapeke bwanji nyimbo?

Mtsikana wa Fomu 3, Zomba

YANKHO

Aphunzitsi ako sanakunamize, mwanawe, kungoti sanabadwe choncho. Anabadwira ku Bonn mu 1770 akumva bwinobwino, ndipo anayamba kutchuka ku Vienna ngati katswiri wa piyano. Makutu anayamba kumuvuta asanakwanitse zaka 30. Ankadandaula kuti amangolira usana ndi usiku. Mu 1802, ali kumudzi wa Heiligenstadt, analembera abale ake kalata yofotokoza manyazi amene ankamva polephera kuuza anthu kuti akweze mawu, iye amene ntchito yake inali ya khutu. Ananenamo kuti anatsala pang'ono kudzipha, koma luso lake ndi limene linamugwira dzanja. Kalatayo sanaitumize, inapezeka atamwalira. Pofika cha m'ma 1818 alendo ankachita kumulembera m'kope zimene akufuna kumuuza.

Za kupeka, kayang'ane mphunzitsi wa kwaya wodziwa bwino solofa. Umupatse pepala la d, r, m, f la nyimbo imene sanaimvepo. Sanatsegule pakamwa, koma mutu wayamba kale kugwedezeka, chifukwa nyimboyo akuimva mkati. Beethoven anali atakhala ndi manotsi kuyambira ali kamwana, ndiye ankadziwa kulira kwa choimbira chilichonse ngati momwe iwe umadziwira mawu a amayi ako ngakhale ali kutali. Ankayenda ndi kabuku m'thumba, kulemba, kufufuta, kulembanso. Chimene kusamva kunamulanda ndi kuimba piyano pagulu ndi kucheza momasuka ndi anthu.

Symphony No. 9 itaimbidwa koyamba pa 7 May 1824, iye anaima kutsogolo pafupi ndi wotsogolera, atafulatira anthu. Amene analipo anasimba kuti mmodzi mwa amayi oimba anachita kumutembenuza kuti aone anthu akuomba m'manja. Ukaipeza nyimboyi pita ku gawo lachinayi, udikire pamene ma cello ndi ma double bass amayamba kanyimbo kena okha, motsitsa kwambiri, kwaya isanatsegule pakamwa. Mwina upeza kuti umakadziwa kale.